Ulendo woyamba wokasaka elk ndi uta m'mapiri a boma ku America: Mafunso ndi mayankho

September akamayandikira foni yanga sipuma. Amalawi anzanga amene tili nawo kuno ku America akangoona chithunzi ndili m'phiri ndi uta, mafunso amabwera omwewomwewo, ndiye ndawasonkhanitsa pamodzi kuti ndisamangobwereza. Ine ndimakhala ku Colorado, n'chifukwa chake zitsanzo zambiri ndi zakuno. Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake ndipo amasinthasintha, choncho musananyamuke werengani kabuku ka malamulo ka chaka chimenecho.

Kodi elk ndi nyama yanji, ikufanana ndi iti ya kwathu?

Kwathu kulibe. Ndi nyama ya kumaiko ozizira, ndipo kuno yachuluka m'mapiri a Rocky, m'zigawo monga Colorado, Montana, Idaho, Wyoming, Utah ndi New Mexico. Kukula kwake ili pakati pa ngoma ndi nchefu: nkhunzi yokhwima imalemera makilogalamu pafupifupi 320, yaikazi 225. Thupi ndi lofiirira, khosi lakuda, kumbuyo koyera, ndipo dzina lake lina lakuti wapiti linachokera kwa eni nthaka pofotokoza kuyera kwa kumbuyoko.

Chodabwitsa kwa ife ndi nyanga. Ngoma kapena mphalapala imafa ndi nyanga zomwe inamera ili yaing'ono. Elk imagwetsa zake chaka chilichonse cha m'ma March kapena April n'kumera zina zanthambinthambi, zomwe pofika September zimakhala zauma gwa. Zimamera nkhunzi zokha. Amene muli ku Britain samalani, kumeneko mawu akuti elk amanena nyama ina imene kuno amati moose.

Malo a boma ndi ati, ndipo aliyense angalowemo?

Boma lalikulu la America lili ndi malo okwana maekala pafupifupi 640 miliyoni, kuposa dziko la Malawi ka 20, ndipo ambiri ali kumadzulo. Mlenje amakumana kwambiri ndi mabungwe awiri: US Forest Service, yoyang'anira maekala 193 miliyoni a nkhalango, ndi Bureau of Land Management, yomwe aliyense amangoti BLM, ya maekala 245 miliyoni. Palibe mlonda pachipata, palibe mfumu yokaipempha, ndipo m'madera ambiri mukhoza kumanga tenti kwaulere mpaka masiku 14 pamalo amodzi. Munthu wokulira kwathu, kumene ukapezeka ndi uta m'nkhalango ya boma ndiye kuti wagona m'chitokosi, zimamutengera nthawi kuti akhulupirire.

Koma si malo onse a boma osakako. Mapaki monga Yellowstone ndi Rocky Mountain National Park ndi oletsedwa, ngakhale elk zake zimadya msipu m'mbali mwa msewu ngati ng'ombe. Komanso nthaka ndi ya boma lalikulu koma nyama zimayang'aniridwa ndi boma la chigawo. Kulowa ndi kwaulere, kulasa ayi. Onani funso la chilolezo.

Mukamati kulowa m'kati mwa phiri mukutanthauza chiyani?

Kuno amati backcountry. Mumasiya galimoto pamene msewu wathera, n'kubereka zonse kumsana, tenti, chakudya, zofunda, n'kukagona komweko masiku angapo. Madera ena anapatulidwa ndi lamulo la Wilderness Act la mu 1964, ndipo mmenemo simulowa galimoto, njinga yamoto, njinga yakapalasa, ngakhale wilibala. Ndi miyendo yanu kapena hatchi basi. Ku Wyoming kuli lamulo lowonjezera: munthu wochokera kuchigawo china sangasake nyama zazikulu m'madera opatulikawa popanda womutsogolera wovomerezeka kapena mnzake wokhala komweko.

Ine si nzika ya America. Angandilole?

Angakuloleni. Chimene amayang'ana kwambiri n'chakuti ndinu wokhala m'chigawocho kapena mlendo. Ku Colorado mumawerengedwa wokhala kuno mukakhala miyezi 6 yotsatizana. M'bale wa ku Indiana, ngakhale ali ndi pasipoti ya America, akabwera kuno ndi mlendo ndipo alipira mtengo wa alendo.

Chofunika kwa aliyense ndi satifiketi ya maphunziro a ulenje. Ku Colorado amaifuna kwa aliyense wobadwa kuyambira pa 1 January 1949, ndipo ya chigawo china amailandira. Montana ndi Idaho amafunanso maphunziro apadera a uta kwa amene sanasakepo nawo. Ubwino wina wa uta ndi wakuti malamulo a boma lalikulu sautenga ngati mfuti, pamene nkhani ya mfuti ndi yokhwima kwa anthu a viza ya sukulu kapena yongocheza.

Chilolezo chimapezeka bwanji?

Alenje amachitcha tag. Chimanena mtundu wa nyama, ngati ndi nkhunzi, yaikazi kapena iliyonse, nyengo yake, ndi dera lomwe chimagwira ntchito, chifukwa chigawo chonse chinadulidwa m'magawo a manambala otchedwa unit. Tag imodzi ndi nyama imodzi.

Njira zilipo ziwiri. Zilolezo zina mumangogula pasitolo kapena pa intaneti. Zina ndi zamayere, zomwe amati draw: mumalembetsa, kompyuta n'kusankha. Mukagwa mukhoza kusunga mapointi owonjezera mwayi wa zaka zam'tsogolo, ndipo madera otchuka kwambiri amafuna mapointi a zaka zambirimbiri. Kwa nthawi yaitali Colorado inali kothawira oyamba kumene chifukwa mlendo ankangogula tag ya uta, koma kuyambira 2025 alendo ofuna kusaka elk ndi uta kumapiri a kumadzulo akulowa mayere. Tsiku lomaliza kulembetsa ndi Lachiwiri loyamba la April. Ndiye ulendo wa September umayamba mu January, ndipo amene amandiimbira mu August kuti akufuna kubwera ndimangowauza kuti tidzaonane chaka chamawa.

Werengani bwino zolembedwa pa dera lanu. M'madera ambiri a Colorado nkhunzi yololedwa ndi yokhala ndi nthambi 4 panyanga imodzi, kapena kanthambi ka pachipumi kotalika mainchesi 5. Izi muzidziwe pamtima, chifukwa nyama ikaima patsogolo panu palibe nthawi yotsegula kabuku.

Pamafunika ndalama zingati?

Tag ya mlendo ku Colorado yadutsa $800, pamene wokhala kuno salipira ngakhale $100. Pamwamba pake pali timalipiro ta kulembetsa, ulendo, ndi zida. Uta wogwiritsidwapo kale ntchito ndi wabwinobwino bola m'sitolo ya mauta aukonze molingana ndi kutalika kwa manja anu. Tenti ndi kachitofu mukhoza kubwereka. Pamene musaumire ndi pansapato ndi pachikwama chokhala ndi felemu yolimba. Chifukwa chake mudzachiona pafunso la kututa nyama. Ngati cholinga chanu ndi ndiwo yotsika mtengo, pitani kubutchala.

N'chifukwa chiyani September, ndipo bwanji uta osati mfuti?

September ndi mwezi wokwerana. Nkhunzi zimasonkhanitsa zazikazi n'kumaziteteza, ndipo zimalira. Kulirako kumayamba pansi ngati kubangula, n'kukwera kukhala mluzu wautali wobaya m'makutu, n'kuthera m'kudzuma. Amati bugle. Tsiku loyamba kuumva m'bandakucha, chigwa chonse chili zii, tsitsi linandiimirira. Nyama yolira imadziulula pamene ili, ndipo nthawi zina imabwera yokha mukaiitana.

Zigawo zambiri zinapereka mwezi umenewu kwa a mauta chifukwa uta supha zambiri. Ku Colorado nyengo ya uta imayamba pa 2 mpaka pa 30 September. Nyengo zikuluzikulu za mfuti zimabwera mu October ndi November, nkhunzi zitayamba kukhala chete. Dziwani kuti pakati pa September, kwa masiku 9, m'nkhalango mumalowanso alenje a mfuti zothira onga kukamwa, zija kwathu timati gogodela. Masiku amenewo ine ndimavala chipewa cha olenji poyenda kuti azindionera patali, makamaka ndikasenza nyanga.

Mwayi wopha paulendo woyamba ndi wotani?

Wochepa. M'madera osavuta kupeza tag, mwa alenje 10 a uta amene amapha ndi mmodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo kawirikawiri amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Ulendo wanga woyamba ndinakhala masiku 6, ndinaona elk kawiri, uta sindinakoke n'komwe. Ngati tag yanu ikulola yaikazi ndipo yaima bwino, lasani. Oyamba ambiri amaisiya podikira chinkhunzi cha pachithunzi n'kubwerera chimanjamanja, chonsecho nyama ya yaikazi ndiyo yofewa.

Ndigule uta wotani, ndipo ndiphunzire mpaka pati?

Ambiri amagwiritsa ntchito uta wa timawilo kumapeto, wotchedwa compound. Pokoka umalimba, koma nsinga ikafika kutsaya umapepuka, ndiye mukhoza kudikira mutakoka. Lamulo la Colorado limafuna uta wosachepera mapaundi 35 pokoka, ndi mutu wa muvi wokhala ndi mipeni yachitsulo yosachepera iwiri, wotambalala 7/8 ya inchesi. Alenje ambiri a elk amakoka pakati pa 50 ndi 70. Musapikisane ndi anyamata a pasitolo. Uta woyenera ndi umene mungaukoke pang'onopang'ono mutagwada, mukunjenjemera ndi chisanu, osaulozetsa kumwamba. Uta wopingasa wokhala ngati mfuti, wotchedwa crossbow, suloledwa m'nyengoyi kupatula kwa amene ali ndi chilolezo cha ulumali.

Yambani mu April kapena May. Ikani mbale yapepala pachandamale. Mtunda umene mivi yanu yonse ikulowa m'mbalemo, osati itatu mwa isanu, ndiwo malire anu. Kwa ambiri chaka choyamba ndi mamita 25 mpaka 35. Kenako dzivutitseni: thamangani kaye, valani chikwama, gwadani, gwirani uta chikokere kwa mphindi imodzi, kenako ponyani. Mwezi womaliza yesani ndi mitu yeniyeni yosakira, chifukwa nthawi zambiri siuluka mofanana ndi yophunzirira. Yokalasira nyama ikhale yakuthwa yometa cheya cha pamkono.

Ndimayenda bwinobwino. Kulimbitsa thupi n'kofunikadi?

Aliyense amandiuza kuti anakula akusenza matumba a chimanga kuchokera kumunda. Inenso ndinatero, koma zaka khumi za pampando wa galimoto zinafufuta zonsezo. Komanso mdani wamkulu ndi mpweya. Denver ili pa mamita 1,609. Nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ili pa 3,002. Mu September elk zambiri za kuno zimakhala pamtunda wofanana ndi Sapitwa kapena kupitirira, ndipo inu mugona kumeneko sabata yathunthu, mukukwera ndi kutsika tsiku lililonse.

Matenda a kuphiri amayamba ndi mutu, nseru ndi kusowa tulo, ndipo sasankha wamphamvu. Ngati mukuchokera kumalo otsika, gonani usiku umodzi kapena uwiri m'tauni ya m'mapiri musanakwere, imwani madzi ambiri, mowa muusiye. Mnzanu akayamba kupuma movutikira ali chikhalire, kutsokomola kosalekeza, kudzandira kapena kulankhula zosamveka, tsikani naye nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Zokonzekera zake si zapamwamba. Ikani thumba la mpunga kapena mchenga m'chikwama, yambani ndi makilogalamu 10 mpaka mufike 25, muzikwera masitepe kapena chitunda katatu pasabata. Valani nsapato zomwe mudzapite nazo. Musaiwale kutsetsereka, n'kumene mawondo amalirira.

Ndilowe m'kati kutali bwanji?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa la uta. Oyamba amaganiza kuti akapita kutali kwambiri ndiye apeza nyama zopanda mantha, amayenda makilomita 12 n'kumanga msasa monyadira. Yankho langa ndi ili: malire anu si pamene miyendo ingakufikitseni mutabereka tenti, koma pamene mungatulutse nyama yonse isanaole.

Tiwerengere limodzi. Nkhunzi ikachotsedwa mafupa imatsala nyama ya makilogalamu 90 mpaka 110, kuwonjezera nyanga ndi katundu wa pamsasa. Munthu mmodzi ndi maulendo anayi kapena asanu. Mukakhala makilomita 5 kuchokera pagalimoto, maulendo anayi ndi makilomita 35 mpaka 40, theka lake mutasenza makilogalamu 30, m'malo opanda njira, mukudumpha mitengo yakugwa. Pa makilomita 12 muwerengere nokha. Anthu awiri ntchito imachepa ndi theka, n'chifukwa chake ulendo woyamba musapite nokha.

Ine ndimalangiza makilomita 3 mpaka 5. Pali chinsinsi china: kufupi ndi msewu kumadzaza alenje oyenda tsiku limodzi, kutali kwambiri kumakhala a mahatchi ndi misasa yawo ikuluikulu, ndipo pakatipa pamatsala mpata. Chimene chimathamangitsa anthu si kutalika koma chikweza. Khwawa loipa la kilomita imodzi ndi theka kuchokera pamsewu, lofuna kukwawa ndi manja, likhoza kukhala ndi elk zambiri kuposa dambo lokongola la kutali. Sankhani malo anayi kapena asanu pamapu musananyamuke, chifukwa mukhoza kufika pa oyamba n'kupeza magalimoto 20.

Ndinyamule chiyani?

Zochepa kuposa mmene mukuganizira. Tenti yopepuka, chofunda cholowamo chopirira kuzizira kwa pansi pa 0, kamatiresi, jekete yamvula, jekete yotentha, masokosi aubweya. Zovala za thonje zisiyeni, zikanyowa ndi thukuta siziuma ndipo zimakuziziritsani. Masana kumatentha ndithu, usiku madzi amaundana m'botolo, ndipo chipale chofewa chikhoza kugwa tsiku lililonse la September.

Madzi a m'mitsinje amaoneka oyera mbee koma amakhala ndi tizilombo ta giardia totsegula m'mimba, ndiye tengani sefa. Tochi ya pachipumi ndi mabatire apadera. Mapu a pafoni monga onX kapena Gaia GPS muwatsitsiretu, netiweki kulibe. Kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti, monga Garmin inReach, n'kofunika. Ngati simungagule bwerekani. Kunyumba siyani pepala lonena kumene mwaimika galimoto ndi tsiku lobwerera. Zosendera zikhale m'chikwama tsiku lililonse: mpeni wakuthwa ndi chonolera, matumba ansalu oikamo nyama, chingwe, cholembera ndi tag.

Za chakudya ndinaphunzira movutika. Ndinanyamula ufa poganiza kuti mwamuna sagona ndi mabisiketi. Pamtunda wa mamita 3,000 madzi amawira pa madigiri 90 okha, nsima inatuluka yambwembwe ndipo gasi wa masiku atatu anatha usiku umodzi. Tsopano ndimatenga phala la oats, chiponde, mtedza, nyama yofutsa, tiyi, ndi zakudya zouma zongothira madzi otentha. Musadalire nkhuni, zaka zouma amaletsa kukoleza moto m'nkhalango.

Elk ndizipeza bwanji m'nkhalango yaikulu chonchi?

Zimadya usiku ndi m'mawa m'madambo ndi m'malo otseguka, dzuwa likakwera zimalowa m'mitengo yothithikana kukagona. Zimadana ndi kutentha, ndiye zimakonda mbali ya phiri yoyang'ana kumpoto, yomwe kuno ndiyo yamthunzi. Funani ndowe zonyowa, timitengo tosupulidwa makungwa ndi nyanga utomoni ukadali wauwisi, ndi mathawale amatope momwe nkhunzi zimagubuduka. Fungo lake ndi la khola la ng'ombe; mukalimva imani, muli pafupi.

Nyamukani kukadali mdima mukakhale pamalo okwera n'kumvetsera. Mukatha tsiku ndi theka osaona chizindikiro chatsopano, pasulani msasa. Elk zimayenda m'magulu, ndiye phiri lonse likhoza kukhala lopanda kanthu pamene zonse zaunjikana m'chigwa chimodzi.

Aliyense akunena za mphepo. N'chifukwa chiyani?

Chifukwa elk imakhulupirira mphuno yake kuposa china chilichonse. Ikamva tswa imaganiza kuti ndi inzake, poti nazonso zimaswa nkhuni poyenda. Ikakuonani muli phee ikhoza kukayika. Koma ikangonunkhiza munthu nkhani yatha, gulu lonse limawoloka phiri. Palibe sopo, mankhwala opopera kapena chovala chodula chimene chingabise fungo la munthu amene wakwera phiri masiku anayi osasamba.

M'mapiri mpweya uli ndi ndondomeko yake. Usiku ndi m'mawa mpweya wozizira umatsetsereka kutsata makwawa ngati madzi. Dzuwa likatenthetsa nthaka umatembenuka n'kuyamba kukwera. Madzulo umatsikanso. Ndiye m'mawa muziwenda nyama kuchokera kumunsi kapena cham'mbali, masana kuchokera kumtunda. Nthawi yoipa ndi ya pakatipo, cha m'ma 9 kapena 10 koloko, pamene mpweya umangozungulira. Ine nthawi imeneyo ndimabwerera m'mbuyo n'kukhala pansi kudya mtedza mpaka ukhazikike. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'masitolo amagulitsa kabotolo ka ufa woyera kofinya kuti muone kolowera mphepo. Nditakaona ndinaseka, chifukwa agogo anga ankachita zomwezo ndi phulusa lomanga pakansanza. Finyani pafupipafupi, makamaka mukamayandikira. Msasa nawo musamange m'dambo momwe zimadyera, kapena pamwamba pake pomwe fungo lanu lidzatsetserekere kwa izo usiku wonse.

Ndiphunzire kuitana?

Phunzirani, koma musadalire. Kaliziro kake ndi kachikopa kopyapyala koika m'kamwa kumtunda, ndipo polira ngati nkhunzi mumawonjezera chipaipi. Yeserani m'galimoto popita kuntchito, kunyumba akuthamangitsani. Kulira kofewa kwa yaikazi n'kosavuta ndipo n'kothandiza kwambiri: kumaphimba phokoso la mapazi anu komanso kumaimitsa nyama yoyenda kuti muilase.

Pamalo a boma elk zamva kale alenje ambiri, ndipo nkhunzi yokhala ndi zazikazi ikamva mnzake kutali imangozikusa n'kuthawa nazo. Ikayankha, tsekani pakamwa, yandikirani mpaka mamita 100 mphepo ili kumaso, kenako itanani. Mukakhala awiri, woitana akhale kumbuyo mamita 40 kapena 50, wolasa kutsogolo. Wolasa agwade patsogolo pa chitsamba osati kuseri kwake. Ndipo musadabwe mutawenda ola lathunthu n'kupeza kuti amene mumayankhana naye ndi mlenje mnzanu. Zinandichitikira, tinangopatsana moni mwamanyazi.

Ndilase pati, ndipo ndikalasa nditani?

Muvi supha ndi mphamvu ngati chipolopolo, umapha ndi kutaya magazi. Cholinga ndi mapapo onse awiri. Dikirani nyama iime cham'mbali kapena itembenukire kutali pang'ono, tsatani mwendo wamwamba kukwera, lozani kuseri kwa phewa, pang'ono pansi pa theka la thupi. Fupa la phewa limaimitsa muvi. Ikakuyang'anani maso ndi maso, kapena ikuyenda, kapena pali nthambi pakati, isiyeni. Kokani uta pamene mutu wake wabisika kuseri kwa mtengo. Nthawi yololedwa ku Colorado ndi kuyambira theka la ola dzuwa lisanatuluke mpaka theka la ola litalowa.

Mukalasa musathamangire. Ikani chizindikiro pomwe munaima ndi pomwe mwaionera komaliza, yang'anani wotchi, khalani pansi. Muvi mukaupeza uwerengeni. Magazi ofiira owala a thovu ndi a mapapo, dikirani mphindi 30 mpaka ola. Akuda bii ndi a chiwindi, dikirani maola 4 mpaka 6. Zobiriwira zonunkha ndi za m'matumbo, chokanipo mwakachetechete mudzabwere patatha maola 8 mpaka 12. Nyama yovulala ikasiyidwa imagona pafupi n'kufera pomwepo, ikathamangitsidwa imapita makilomita osasiya dontho.

Yagwa. Ndiitute bwanji?

Walira mvula walira matope. Choyamba sainani tag monga mwa malangizo ake. Chachiwiri chotsani chikopa msanga, chifukwa chikopa cha elk ndi chochindikala ndipo nyama imayamba kuwawasa kuchokera pafupa, makamaka m'chiuno ndi m'khosi, ngakhale kunja kukuzizira. Nyama yogona usiku wonse ndi chikopa mu September kawirikawiri mbali yapansi imaonongeka. Kaya ndi 9 koloko usiku, yatsani tochi muyambe.

Simungaikoke kapena kuipachika ngati mbuzi. Alenje ambiri saitumbula n'komwe. Amang'amba chikopa kutsata msana, kusenda mbali yapamwamba, kuchotsa mwendo wamwamba ndi wathako, kutsata mnofu wautali wa pamsana, nyama ya m'khosi ndi ya m'nthiti, kenako n'kulowetsa dzanja kuseri kwa nthiti yomaliza kutulutsa kamnofu kofewa ka m'kati. Akatero amaitembenuza n'kubwereza. Ife okonda zam'kati timatsegula pomaliza kutenga mtima ndi chiwindi. Anzanga akuno amandidabwa ndikamayang'ana chifu mwachisoni, koma kulemera kwake sikulola. Koyamba ntchitoyi imatenga maola atatu kapena anayi.

Chiwalo chilichonse chilowe m'thumba lansalu, osati lapulasitiki, n'kupachikidwa pamthunzi podutsa mphepo, bwinonso pafupi ndi mtsinje kumene mpweya ndi wozizira. Lamulo la Colorado limafuna kuti miyendo yonse inayi, minofu ya pamsana ndi yofewa ya m'kati ija zituluke, ndipo chizindikiro chosonyeza kuti ndi yaimuna kapena yaikazi chikhale cholumikizika ku chiwalo chimodzi. Kutenga nyanga n'kusiya nyama ndi mlandu waukulu. Nyanga zituluke ulendo womaliza. M'galimoto musiyiretu mabokosi aakulu osunga kuzizira odzaza ndi ayezi. Za mtunda onaninso funso la kulowa m'kati.

Nanga zimbalangondo ndi zoopsa zina?

Ku Colorado kuli zimbalangondo zakuda, zomwe nthawi zambiri zimathawa munthu koma zimaba chakudya. Zazikulu zaukali zotchedwa grizzly zili m'madera ena a Montana, Wyoming ndi Idaho, ndipo mlenje wa uta amachita zonse zimene amaletsa m'dera lawo: kuyenda mwakachetechete, m'chisisira, akulira ngati nyama. Kumeneko tsabola wopopera akhale pachifuwa osati m'chikwama, chakudya ndi nyama zipachikidwe mamita 3 m'mwamba, kutali ndi tenti mamita 100, ndipo pobwerera panyama muzichita phokoso.

Koma zimene zimapweteka anthu ambiri ndi zina: kugwa, kudzicheka posenda, kuzizidwa utanyowa, kusochera, ndi mphenzi. Mvula yamabingu imakonda kubwera masana. Mu September 2025 alenje awiri achinyamata anafa ndi mphenzi kumwera kwa Colorado. Mitambo ikayamba kuda tsikani pamsonga.

Ndingadziwe bwanji kuti ndalowa malo a munthu?

Ndi udindo wanu kudziwa. Ku Colorado mwini malo sakakamizidwa kuika mpanda kapena chikwangwani, ndipo ngakhale nyama yanu yolasidwa ikadumphira kwake simulowa osapempha. Akakana, imbirani ofesi yoyang'anira nyama zakutchire ya Colorado Parks and Wildlife. Mapu a pafoni aja amaonetsa malire. M'madera ena malo a boma ndi a anthu anayalidwa ngati bolodi ya drafuti, ndipo kwa zaka zambiri panali mkangano ngati munthu angachoke pamalo a boma kupita pa ena a boma podutsa pangodya pomwe akumana. Mu March 2025 khoti la apilo la 10th Circuit linagamula pamlandu wa ku Wyoming kuti n'zololedwa bola osaponda nthaka ya mwiniwake. Chigamulocho chimakhudzanso Colorado, Utah ndi New Mexico, koma Montana ndi Idaho zili pansi pa khoti lina.

Kodi kusaka kotereku sikutha nyama ngati mmene zinathera kwathu?

Kunonso zinatsala pang'ono kutha. Akuti azungu asanafike kunali elk pafupifupi 10 miliyoni, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 zinali zosakwana 100,000 chifukwa chophera malonda. Analetsa malondawo, n'kuika nyengo ndi malire. Mu 1937 anakhazikitsa lamulo la Pittman-Robertson loika msonkho pa mfuti ndi zipolopolo, kenako anawonjezera mauta ndi mivi pa 11 peresenti, ndalama zake n'kumapita kosamalira nyama. Lero elk zili pafupifupi 1 miliyoni, ndipo Colorado yokha ili ndi zoposa 280,000. Chiwerengero cha ma tag chimachokera pa kuwerenga nyamazo chaka ndi chaka. Musatengere izi ku Kasungu kapena ku Nyika mukapita kutchuthi. Kwathu kusaka m'mapaki ndi mlandu, ndipo kuyambira 2017 milandu ikuluikulu ya nyama zakutchire imafika zaka 30 kundende.

Nyamayo ndingapite nayo kuchigawo chimene ndimakhala, kugulitsako, kapena kuidya mosaopa?

Kugulitsa n'koletsedwa, kugawira abale n'kololedwa. Musanagawe fufuzani za matenda a CWD, omwe amaononga ubongo wa elk ndi nyama zina za mtundu wake, ndipo anayamba kuonekera ku Colorado komwe kuno mu 1967. Kuphika sikuwapha. Palibe munthu amene anapezekapo nawo, komabe a zaumoyo amalangiza kuti nyama ya m'dera la matendawa iyezedwe, ndipo ikapezeka nawo isadyedwe. Poyeza amatenga timabulo ta m'khosi, ndiye funsani kumene mungapereke mutu. Pachifukwa chomwechi zigawo zambiri siziloleza kulowetsa ubongo ndi fupa la msana, choncho wobwerera ku Indiana kapena ku Texas achotse mafupa ndipo chigaza cha nyanga achitsuke bwino asanawoloke malire. Pandege zoyenda m'kati mwa America nyama youmitsidwa ndi ayezi imaloledwa ngati katundu, koma onani malire a kulemera.

Pophika kumbukirani kuti ilibe mafuta. Mnofu wa pamsana muwotche mwachangu pamoto waukali, m'kati mukhale mofiirira, mukapitiriza umasanduka chikopa cha nsapato. Ya m'khosi ndi ya m'miyendo ndiyo ya nsima: anyezi, tomato, mafuta pang'ono, moto wochepa maola atatu kapena anayi mpaka izilekana yokha. Mafupa a m'miyendo ngati munatuluka nawo musataye, msuzi wake umakoma kuposa wa ng'ombe.